Mzati wa M'sitolo ya Achimwene

Lolemba, 6 Okutobala

Ayamba. Lole yatsitsa mchenga pakhonde pa sitolo ya malemu achimwene m'mawa uno. Simenti, matabwa, malata atsopano obiriwira. Ndaonerera ndili pampando wanga, tsidya lino la msewu. Palibe amene anabwera kudzandiuza.

Mwini ntchito ndi mwana wa achimwene, wamkazi uja wa ku tauni. Akuti watopa ndi maofesi, akufuna kudzutsa sitolo ya bambo ake, imene yakhala yotseka zaka zisanu ndi zinayi. Wandikwezera dzanja ali pachitseko cha galimoto: "Mwadzuka bwanji, bambo aang'ono?" Basi. Moni wopatsa munthu wodutsa m'njira.

Denga limenelo ndinakhoma ndine, zaka makumi asanu ndi chimodzi zapitazo. Zitseko, mawindo, kauntala, siling'i ya matabwa. Dzanja lomweli. Achimwene ankadziwa kudula sopo ndi kubweza chenji. Nyundo sanaigwirepo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda.

Bondo layambanso. Mafuta opaka akwera mtengo. Ndagula kabotolo kakang'ono.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kapitawo wawo ndi wa ku tauni. Chipewa chachikasu cholimba ngati mbale, sachivula ngakhale pomwa tiyi. Ndamutcha Chipewa. Tepi sagwira. Ali ndi kabokosi koponya kadontho kofiira pakhoma, kenako kamamuuza kutalika kwake. Mmisiri wofunsa nzeru kwa kabokosi.

Azula mashelefu onse. Mbawa yeniyeni, aiunjika panja ngati nkhuni. Ndawerenga ndili pano, matabwa makumi atatu ndi anayi. Sindinawoloke msewu. M'sitolo imeneyo sindinapondemo chiyambire sabata yomwe inatsegulidwa, pamene achimwene anandithamangitsa ngati galu woba mazira.

Alamu, mkazi wa malemu, awatulutsira mpando pakhonde kuti aziona ntchito. Afota. Maso sakuonanso bwino. Anatembenukira kuno nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana nkhuku. Mudzi wonse umadziwa kuti amene anatidanitsa ine ndi mbale wanga ndi iwowo. Ndakhala ndikunena zimenezi pa maliro, kuchigayo, paliponse pamene pali khutu.

Akunyumba akuti ndichotse mpando m'mbali mwa msewu. "Mukhala ngati mlonda wosalembedwa ntchito." Ndawauza kuti mthunzi uli pompano.

Lachinayi, 9 Okutobala

Telala wakale uja, amene ankasokera pakhonde pa sitolo, wabwera ndi nkhani. Pakamwa pake sipatseka ngakhale mano anatha. Akuti kunabwera anthu a ku ofesi yosunga zinthu zakale, awiri, ndi makamera. Akuti sitoloyi ndi nyumba yoyamba ya njerwa ndi malata m'dera lonse lino. Alamula kuti kauntala isakhudzidwe, siling'i isakhudzidwe, angopukuta ndi kupaka mafuta. Anaisisita siling'i ndi maso n'kumati amisiri akale anali amisiri. Sanafunse kuti mmisiriyo ali kuti. Ali pano, mapazi makumi anayi kuchokera pakhonde, akupaka bondo.

Kenako telala anati, "Koma mzati wako uja akuuchotsa. Akuti ukutchinga pofuna kuika firiji."

Ndinafunsa kuti wanena ndani. Akuti a ku ofesi anaona kuti ndi bulugama wamba, wosafanana ndi matabwa ena, ndiye kuti anachita kuwonjezera pambuyo pake. Chipewa anasuzumira kudenga ndi tochi, anaona mtanda waukulu wochokera khoma ili kufika khoma ilo, wathunthu. Ndipo telala mwiniwake anawatsimikizira: mzatiwo unali wongokolekapo ndowa ndi makasu a malonda. "Si mmene unkanenera iwe?"

Ndi mmene ndinkanenera.

Tiyi anandizizirira m'kapu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndinatenga khasu, sindinalime. Ndinatenga nyundo kuti ndikonze khola, ndinakhoma misomali iwiri. Ndinabwerera pampando.

Ayamba kugumula pulasitala wakale. Fumbi mpaka kuno.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndilembe. Kope silipita kuchigayo.

Mtanda uja si wathunthu. Achimwene anagula mtengo wa mbawa, umodzi wokha wautali choncho m'dera lonse, anagulitsa ng'ombe. Iwo anapita ku tauni kukasankha katundu wa m'sitolo. Ine ndinayeza ndi chingwe, khoma kufika khoma, mkati. Mapazi makumi awiri ndi awiri. Ndinadula. Ndinaiwala kuti mtanda sukhala pakati pa makoma, umagona pamwamba pake. Unafunika mainchesi asanu ndi anayi uku, asanu ndi anayi uko. Titaukweza unangolowa m'kati ngati chala m'kapu.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Nditangokwatira. Dzina litangoyamba kumveka.

Ndinabweza anthu amene anandithandiza kunyamula, ndinati mawa. Ndinaucheka pakati mopendeka, ndinalowetsapo chidutswa chomwe ndinadula chija, mabawuti anayi. Pamwamba ndinagonekapo thabwa lalitali kuti pasaoneke. Pansi siling'i. Ndipo pansi penipeni pa cholumikiziracho, mzati wa bulugama. Denga lonse, mapaso, malata, zonse zakhala pamutu pa mzati umenewo. Mabawuti okha sangasenze ngakhale kwa ola limodzi. Pano ayenera kuti anadyeka ndi dzimbiri.

Sabata yotsegulira, achimwene anabwera ndi sowo kuti achotse mzati, ukuwatchingira makasitomala. Ndinawagwira dzanja. Ndinawauza. Sanakuwe. Anati, "Ukanandiuza ndikanagula wina. Koma wandibisira, pansi pake pazikwawa ana anga. Tuluka."

Sanauze munthu. Ndani angagule mchere pansi pa denga lolumikiza? Anthu atandifunsa chimene chatidanitsa, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinapeza alamu. Anali mlendo m'mudzi muno, wolankhula pang'ono, wosavuta kumunenera. Ndinanena kamodzi. Kenako kawiri. Pofika chaka chachitatu ndinkapsa nazo mtima ngati zoona.

Ndalemba. Komabe akanatha kundikhululukira. Mbale wako weniweni, bere limodzi, chifukwa cha mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu?

Lolemba, 13 Okutobala

Ndinamudikira Chipewa pamsewu akupita kukagula fodya. Ndinati mzati uja ausiye. Anafunsa chifukwa. Ndinati nyumba zakale zili ndi khalidwe lake.

Anaseka. "Madala, mukuopa mizimu? Tikaupeza mzimu tiulemba ganyu, tikusowa wokandira simenti." Ndinati ndine ndinakhoma dengalo. Anati, "Ndiye munakhoma bwino, bambo. Mtanda umene uja ungasenze lole. Mzati wanu ukungodya malo."

Kundiyamikira. Ndinati zikomo ngati chitsiru.

Akuti auchotsa Lachisanu, akamaliza pulasitala wa mkati. Lero Lolemba.

Si ntchito yanga. Ali ndi mapepala a sukulu, ali ndi kabokosi kofiira. Ine ndinalekezera kalasi yachinayi. Akwere aone bwino, ndiye ntchito yake. Ndinamuchenjeza. Mulungu wamva kuti ndinamuchenjeza.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mwana wa achimwene wawoloka msewu. Koyamba. Buledi, shuga, masamba a tiyi m'kajumbo. Anagwada pang'ono, ulemu sanauiwale. Nkhope ya bambo ake yeniyeni, mpaka kamzere ka pakati pa nsidze. Telala anali pano, ndi amisiri awiri amene anabwera kudzapempha madzi akumwa.

Anati, "Bambo aang'ono, akapitawo akuti simukufuna tichotse mzati. Pali chimene mukudziwa?"

Anandifunsa. Sindinganene kuti sanandifunse. Anthu anayi, asanu, maso onse pa ine. Telala kukamwa yasa. Akunyumba ataima pakhomo ndi tsache.

Ndinati unali wokolekapo ndowa. Ndinati ndimangoukumbukira, basi, ukalamba.

Anamwetulira. Anati akauchotsa andibweretsera kuno, ndipangire mpando. Anasisita dzanja langa. Anati tsiku lotsegulira ndidzabwere, zakale zinapita. "Amayi amakufunsani nthawi zina."

Atachoka, akunyumba anatenga jumbo ija n'kukaiika pamwamba pa kabati osatsegula. Chakudya chamasana anandiikira patebulo osakhala nane. Madzulo anangoti, "Manyazi anapha lambe." Ndinafunsa kuti akunena ndani. Anati akunena lambe.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndawerenga amene amagwira ntchito mkati. Asanu. Mmodzi wamtali, amaimba pokanda simenti, mkazi wake amamubweretsera chakudya ali ndi khanda kumsana, amakhala pa kauntala kumudikira. Pa kauntala. Mapazi atatu kuchokera pa mzati.

Ndinaganiza zolemba kalata yopanda dzina. Ndinalemba. Zilembo zanga azizindikira, ndine ndinalemba manambala pa madirowa onse a kauntala, seveni wanga ali ndi mchira. Ndinang'amba.

Ndinaganiza zopita kwa Chipewa payekha. Adzauza mwana. Mwana adzauza mayi ake. Telala adzamva, ndiye kuti lamva dziko.

Mwina sugwa. Mabawuti aja anali a njanji, onenepa ngati chala chachikulu. Mbawa ikauma imalimba ngati chitsulo. Mwina ungotsika pang'ono, aona, athawa.

Sugwa pang'ono. Ndikudziwa mmene ndinauchekera.

Kumwamba kwayamba kuunjika mitambo. Kutentha. Ndasintha malaya kawiri.

Lachinayi, 16 Okutobala

Sindinakhale pampando. Ndinapita kumunda, ndinabwerera. Ndinapita kumsika osagula kanthu. Ndinafika kumanda, ndinaima pa manda a achimwene. Udzu wamera. Ndinafuna kuwakalipira: munafa bwanji osauza mwana wanu? Zaka makumi anayi ndi ziwiri muli moyo, pakamwa muli napo. Mwandisiyira ine katundu.

Ndinazula udzu mbali imodzi. Bondo linakana mbali inayo.

Pobwerera ndinaona atsamiritsa sowo yamagetsi pakhonde, m'bokosi lofiira. Mawa.

Buledi uja akadali pakabati.

Lachisanu, 17 Okutobala

Zachitika. Ndilembe mwadongosolo.

Ndinavala jekete. Akunyumba anali atavala kale nsapato zawo zopitira kutali, atakhala pakhonde. Ndinawoloka msewu. Mapazi makumi anayi, koma ndinafika ndikupuma ngati ndakwera phiri.

Mkati munganunkhe simenti bwanji, fungo la kauntala lidakalipo. Mafuta a nyale ndi sopo. Ndinaima pakhomo, maso akuzolowera. Wamtali uja anali atagwada pa mzati, sowo ili m'manja, akufunafuna poyambira. Mkazi wake pa kauntala ndi khanda. Mwana wa achimwene ndi foni, akufuna kujambula. Alamu pampando wawo pakhomo la kuseri. Telala, ndithudi, telala analipo.

Ndinapita n'kukumbatira mzati. Sindinakonze zimenezo, manja anachita okha. Anaseka. Wina anati madala ayamba misala. Chipewa anati, "Muuchotse ndi agogo omwe, tikawatsitsira kwawo."

Ndinati abweretse makwerero ndi tchizulo. Chipewa anati siling'i ndi yoletsedwa. Ndinati thabwa lachitatu kuchokera pa mzati silinakhomedwe, ndinangoligoneka, likankheni. Anandiyang'ana. Anakwera yekha. Thabwa linanyamuka. Fumbi, ndowe za mileme. Analowetsa mutu ndi tochi, chipewa chinagunda, anachivula. Ali ndi dazi.

Anakhala kumeneko nthawi yaitali. Atatsika sanaseke. Anati aliyense atuluke, tsopano lino, mayi wa khanda ayambe. Anati mabawuti awiri aduka kale, mtanda watsegula kamwa moti dzanja likulowa.

Panja, padzuwa, onse atazungulira. Ndinanena zonse. Chingwe, mainchesi, thabwa lobisira, sowo ya achimwene. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. Ndinkadikira kuti aseke. Kukanakhala bwino akanaseka. Wamtali uja anakhala pansi pamchenga, atagwira mutu, akuyang'ana mkazi wake. Telala koyamba m'moyo wake anatseka pakamwa.

Chipewa anati, "Lolemba lija bwanji simunanene, bambo?"

Mwana wa achimwene sanakweze mawu. Bambo ake enieni. Anati, "Lachiwiri ndinakufunsani." Ndinati inde. Kenako anati, "Ndiye amayi munkawanenera chiyani zaka zonsezi?"

Alamu anali atawatulutsa ndi mpando womwe. Sindikudziwa ngati anamva zonse. Manja ali pamaondo. Ankayang'ana kumene kunkachokera mawu anga, koma pambali pang'ono.

Ndinabwerera kunyumba. Palibe anandiperekeza.

Loweruka, 18 Okutobala

Aika zitsulo zinayi zochirikiza, mbali iyi ziwiri, mbali iyo ziwiri. Ntchito yaima. Akuti adikira a ku ofesi adzaone, kenako alowetsa mtanda wachitsulo pamwamba pa wanga. Zidya ndalama zimene mwanayo sanakonzekere. Kutsegulira kwasunthira chaka chamawa.

Ndinafunsa akunyumba chifukwa chimene anavalira nsapato dzulo. Anati, "Mukanapanda kuwoloka inu, ndikanawoloka ine." Ndinati ankadziwa chiyani iwo za matabwa. Anaika pansi mbale imene ankatsuka. "Chingwe chija mbali inayo anagwira ndani? Mabawuti anakunyamulirani mumtanga ndani? Munkayesa munakwatira mbuzi?"

Zaka makumi asanu ndi chimodzi. Akundimva ndikutukwana alamu patebulo, pamaso pa ana, iwo n'kumangothira tiyi. Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati poyamba ankaopa, kenako anazolowera, ndipo limenelo ndi tchimo lawo, akalisenza okha. Anati Lachitatu lililonse akamati akupita ku msonkhano wa amayi, theka la nthawi amakhala kwa alamu, kuwasambitsa ndi kuwapesa.

Nyumba yanga yomwe sindikuidziwa.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Bondo. Si bondo.

Telala sanabwere. Akuzungulira ndi nkhani, ndikudziwa. Azungulire. Chodabwitsa, sizikundiwawa monga ndinkaganizira. Anthu awiri adutsa pamsewu, apereka moni monga mwa masiku onse. Mmodzi anayang'ana kumbali. Basi? Ndi zimenezi ndinkaopa?

Chikundiwawa ndi china. Ndadzuka m'mawa, mtima unafuna kuyamba ntchito yake ya masiku onse, kukwiyira achimwene, kukwiyira alamu. Unapeza palibe pogwira. Ngati lilime lofunafuna dzino lozuka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, tsiku lonse lili patsogolo, wopanda womukwiyira. Ndinayesa Chipewa. Sizinagwire.

Ndakumbukira zinthu. Ukwati wa mwana wanga woyamba, alamu anatumiza nsalu, ndinaibweza. Pa maliro a achimwene anandipatsa dzanja, ndinalowetsa langa m'thumba, anthu akuona. Akazi a m'mudzi muno sankawaitana ku zinthu zawo zaka zambiri. Ankati ndi njoka yolekanitsa abale. Mawu amenewo anayambira pakamwa pano.

Akunyumba akuti achimwene sanawauze alamu ngakhale pogona. Akuti zaka zonsezi alamu akhala akufunsa, "Kodi alamu anga ndinawalakwira chiyani? Mwina ndinayankhula moipa tsiku lina osadziwa."

Lachiwiri, 21 Okutobala

Dzulo ndinafika pa geti la nyumba ya alamu, kuseri kwa sitolo. Ndinamva wailesi mkati. Ndinabwerera. Madzulo ndinapitanso, ndinafika pa mulu wa mchenga, ndinaima ngati ndikuyang'ana ntchito. Mwana wa achimwene anandiona pawindo. Sanatuluke, sanatsekenso katani.

Ndakhala ndikuyeserera mawu m'khola la nkhuku. "Alamu, ndabwera." Kenako chiyani? "Pepani" ndi kamawu kakafupi. Sikafika khoma kufika khoma.

Akunyumba akuti mwana anawauza mayi ake zonse Loweruka, pang'onopang'ono, kawiri. Alamu sanalire. Anangofunsa ngati pali amene wavulala. Kenako anati, "Ndiye sindinalakwe?" Ndipo chiyambire pamenepo sakudya bwino, akungokhala moyang'ana kugeti.

Mwina andithamangitsa. Ali ndi ufulu. Mwina andipatsa mpando, ndiye zoopsa kwambiri.

Lachitatu, 22 Okutobala

Kwagwa mvula pang'ono m'mawa, yongonunkhitsa dothi. Ndameta. Ndadzicheka pachibwano.

Lero Lachitatu. Akunyumba atenga sopo ndi chipeso, sakunamanso za msonkhano. Aima pamsewu, akuti sandidikira nthawi yaitali, ndipo sakandilankhulira, pakamwa ndili napo. Ndawauza kuti ndimalize kaye kulemba. Akuti kope silinalakwiridwe.

Sindikudziwabe choyambira. Mwina alamu ndikangowatchula dzina lawo lenileni, sindinalitchulepo chiyambire...

Akunyumba akuitananso. Ndodo ili kuti.